Buku Lophunzirira Chirasha Pawekha ndi Vuto la Katchulidwe

Munthu wofuna kuphunzira Chirasha popanda mphunzitsi amadalira buku limodzi kapena awiri. Limodzi mwa mabuku otere ndi The New Penguin Russian Course, lolembedwa ndi Nicholas J. Brown ndi kusindikizidwa mu 1996. Bukuli nloyamikika chifukwa likuphunzitsa malembo 33 a Chirasha kumayambiriro kwenikweni, m'malo momzoloweza wophunzira kuwerenga chiyankhulochi m'malembo a Chingerezi.

Komabe buku silitulutsa liwu. M'Chirasha phatikizo limodzi la mawu limatchulidwa mogogomeza, ndipo tanthauzo limatha kudalira pamenepo: мука ndi "ufa" pogogomeza phatikizo lomaliza, koma ndi "mazunzo" pogogomeza loyamba. Lembo la о likapanda kugogomezedwa limamveka ngati а. Mabuku a ophunzira amaonetsa pogogomeza, pamene nyuzipepala sizitero. Wophunzira wopanda womumvera amadzakhumudwa tsiku lomwe wasiya buku ndi kutenga nyuzipepala.

Vutoli si lachilendo m'Chichewa. Mawu oti mtengo, womera m'tchire, ndi mtengo, wogulira katundu, amalembedwa mofanana, chonsecho amasiyana kamvekedwe. Mwini chiyankhulo amazindikira tanthauzo poona chiganizo chonse, koma mlendo amangolota.

Choncho nkoyenera kuti olemba mabuku ophunzitsira Chichewa ndi amtanthauziramawu azionetsa kamvekedwe ka mawu, ngakhale kalembedwe ka tsiku ndi tsiku sikafuna zizindikirozo.