Kodi Makina Angakhale Nkhoswe?

Masiku ano kwabuka maganizo akuti makina a kompyuta otchedwa AI adzaloŵa m'malo mwa maloya. Maganizo ameneŵa tiwayese ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene kudali ndende pa nthaŵi ya chipani chimodzi, ndipo kuyambira 1994 kuli msasa wa anthu othaŵa kwao. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, koma kumeneku alendo, makamaka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, adapitirira 50,000, ndipo ena adabadwira pomwepo. Mu May 2023 apolisi adagwira mazana a othaŵa kwao ku Lilongwe, nawasunga kundende ya Maula asanawatumize kumsasa. Ndi angati mwa iwo adali ndi loya?

Tisakane choona. Makinaŵa angathe kumasulira Chiswahili kapena Chifalansa, ndi kufotokozera mai wosauka zimene lamulo la 1989 la othaŵa kwao likunena. Kwa munthu wosoŵa womlankhulira, chithandizo chotere si chochepa.

Komabe makina sasenza mlandu. Mu 2023, ku New York, woweruza adalipitsa maloya $5,000 chifukwa adapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT idangopeka. Adachita manyazi ndi kulipa ndi anthu. Makinawo sadataye tulo.

Tomasi Woyera wa ku Aquino amaphunzitsa kuti chilungamo chimakhala m'kufuna kwa munthu, ndiko kufuna kosagwedezeka kopatsa aliyense zake. Chikalata cha ku Vatican chotchedwa Antiqua et nova, cha January 2025, chikunenanso kuti woyankha pa zochita za makina ndi munthu. Makolo athu adazidziŵa kale zimenezi. Nkhoswe sinali katswiri wa mau chabe. Inkasenza mlandu wa mbale wake, ndipo mlanduwo ukavuta, manyazi anali akenso. Nchifukwa chake m'Baibulo la Chicheŵa Khristu amatchedwa Nkhoswe yathu kwa Atate.

Wothaŵa nkhondo kaŵirikaŵiri alibe zikalata. Umboni wake ndi zipsera, ndiponso kukhala chete pamene afunsidwa zimene adamchita panjira. Womvetsa chete wotere ndi munthu mnzake.

Tsono choopsa nchakuti olemera adzakhalabe ndi maloya, pamene osauka adzapatsidwa makina, nauzidwa kuti athandizidwa. Ife ansembe tisavomere kusinthana kotere. Makina akhale chipangizo m'manja mwa loya amene angathe kuima pabwalo ndi kunena kuti, “Mlandu uwu ndi wanganso.”