Zitamando za Mpeni Wotemedwa Mphini za Golide

Iyambe mbalule, mpanje uvomere, gunda agunde mpaka amve a ku Chinsapo! Lero pa Njewa tikutamanda mlendo wa kutsidya kwa nyanja yamchere.

Ndiwe Khanjar, Msana-wopindika, wogona m'chiuno mwa mafumu a ku Delhi ndi ku Agra. Ndiwe Katar, Wotulukira-pankhonya. Mwana wa ng'anjo za kumwera kwa India, wophikidwa mu kankhali kadothi komata pakamwa, chitsulo cha mizere ngati madzi oyenda, chimene osula a ku Damascus ankachilirira.

Iwe Wotemedwa-mphini! Mmisiri anakukanda timizere topingasana, nakhomerera ulusi wa golide, go go go, nakupukuta mpaka zilembo za Chiarabu zinati waliwali: mayina a Allah, ndime za Qur'an, dzina la Ali mwini lupanga Zulfiqar. Wopemphera-akubaya! Tikugwadira, komatu mantha sitibisa: dzina la Wachifundo lili pachigwiriro, nsonga ikusakasaka nthiti za munthu.

Womba m'manja, mayi, wadutsa Wogwa-kumwamba! M'chaka cha 1621 chitsulo chinathothoka kuthambo nkugwera kufupi ndi Jalandhar, nthaka ikali yotentha anthu akuchifukula. Mfumu Jahangir anati chisulidwe. Ustad Daud anasakaniza magawo atatu a chakumwambacho ndi gawo limodzi la chitsulo wamba, panatuluka malupanga awiri ndi mipeni iwiri. Mpeni umodzi ukugona ku Washington, m'galasi, osasendanso kanthu.

Ndiwe mng'ono wake wa lupanga la Tipu Sultan, Kambuku wa ku Mysore, amene Angerezi anamupha pa Seringapatam mu 1799. Mwini anagwa, lupanga linakwera sitima. Mu 2023 analigulitsa ku London mapaundi 14 miliyoni, mayina a Mulungu ali pomwepo pachigwiriro. Ha, ndalama zilibe manyazi!

Ng'oma itsike, tifike kwathu. Ndiwe Kirpan, Wosavulidwa, mmodzi mwa zizindikiro zisanu zimene Guru Gobind Singh anapatsa Asikh ku Anandpur mu 1699, kuti wofooka asaponderezedwe wamphamvu akuyang'ana. Eni ako anafika kuno mu 1891, asilikali a nduwira a Harry Johnston. Anamenyana ndi Makanjira kunyanja, mtsogoleri wawo Cecil Maguire nafera komweko. Mu 1895 anali nawo pa linga la Mlozi ku Karonga. Wodula-magoli, inde, timati ndiwe! Wotsegulira-atsamunda-njira, nalonso ndi dzina lako, ndipo woimba ng'oma aimbe onse awiri.