Phazi la dalaivala wa pa Njewa

Pa msewu wa ku Mchinji, minibasi ikamayandikira pa Njewa ili pa liwiro, dalaivala wodziwa ntchito amaoneka ndi phazi lake. Amayamba wagunda buleki pang'ono, n'kuponda kilachi, kupatsa moto kamodzi kuti injini ikweze mawu, kenako n'kutsitsa giya kuchoka pa 4 kupita pa 3. Akamasiya kilachi, galimoto siigwedezeka. Mayi amene wanyamula dengu la tomato pamiyendo sadziwa n'komwe kuti giya yasintha.

Wophunzira dzulo amalumpha kuchoka pa 5 kukagwera pa 2, injini n'kukuwa, kilachi n'kupsa, mwini galimoto n'kukalirira kwa makaniko. Ambirife timatama wothamangitsa, komatu luso lenileni lili potsitsa. Mukakwera minibasi ya dalaivala wodziwa kutsitsa giya, mumuthokoze potsika.