Phazi ndi Ng'oma: Za Kapangidwe ka Magule Athu

Pali funso limene anthu a m'matauni amakangana nalo akacoka koonera magule. Kodi wobvina bwino ndani: uyo amene asunga mapazi onse monga anamphunzitsira, kapena uyo amene atulutsa zace pabwalo pomwepo, zimene sanazikonze dzulo? Ena ati gule wa makolo alibe lamulo, munthu angotsata mtima wace. Ena ati gule weni weni sasintha, ndipo woonjezapo kanthu aononga mwambo. Ine ndiyesa kuti onsewa aphonya. Gule ali yense ali ndi mbali yomangika ndi mbali yomasuka, ndipo nzeru ya wopanga gule iri pa kudziwa pamene ayenera kumanga ndi pamene ayenera kusiya khomo. Kuti ndionetse ici nditenga magule atatu odziwika m'dziko muno: mganda, kalela ndi gule wamkulu.

Tiyambe ndi mganda. Gule ameneyu sanabadwire kuno ai. Muzu wace uli ku gombe la nyanja yamcere, m'midzi ya Aswahili monga Lamu ndi Mombasa, kumene anyamata anayamba gule wochedwa beni m'zaka za m'ma 1890, potsanzira magulu a asilikari oimba malipenga. Bambo T. O. Ranger analondola mbiri imeneyi m'buku lao la mu 1975. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 asilikari ndi amtengatenga a kuno anakafika ku dziko limene lero liri Tanzania, ndipo iwowa, pamodzi ndi a paulendo ofuna nchito, anadza naye guleyo. Kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja ya Malawi anasanduka malipenga. Kwa Acewa ndi Atumbuka a ku Kasungu, ku Lundazi ndi madera oyandikana anachedwa mganda.

Mu mganda zonse nzoyesedwa. Gulu la obvina lichedwa boma, ndipo liri ndi akulu ace olamulira monga boma leni leni. Anyamata aima m'mizere atabvala mofanana, malipenga a zikho ali m'manja. Ng'oma yaikulu ikagunda mapazi onse anyamuka pamodzi, natembenuka pamodzi. Mmodzi akacedwa pang'ono, ngakhale mwana wamng'ono aona kuti mzere wathyoka. Nanga tinene kuti mu mganda mulibe kupeka? Mulimo ndithu, koma kucitika tsiku la gule lisanafike. Madzulo ambiri, pokonzekera kukakomana ndi boma la mudzi wina, anyamata amayesa masitepe atsopano. Wina aonetsa cimene wabwera naco m'mutu, anzace aciyesa, acidula, acionjezera, kufikira mtsogoleri anena kuti cakhala. Cikakhala camangika, ndipo pabwalo palibe wocisintha. Boma lochuka ndilo limene lidza ndi sitepe imene midzi yina sinaione, niliibvina monga munthu mmodzi.

Kalela ndi mbale wace wa mganda, pakuti nayenso anacokera ku beni, koma iye anakulira kwa anthu a ku nyanja ya Bangweulu ndi m'makomboni a ku Migodi. Bambo J. Clyde Mitchell anaonera gulu la Abisa ku Luanshya mu 1951, nalemba za ilo mu 1956. Anapeza anyamata 19 obvala mwaukhondo, ng'oma zitatu zopangidwa ndi migolo ya mafuta ya magaloni 44, ndiponso mfumu ya gule, dotolo ndi namwino amene sanali kubvina konse. Mapazi a kalela ameneyu anali apafupi, ongozungulira ng'oma mokwekwereza. Cimene cinakoka khamu tsiku la Sabata cinali nyimbo, zimene mtsogoleri anali kupeka m'Cibemba ca m'tauni, zoseka makhalidwe a m'komboni ndi a mitundu yina. Apa tiona kuti wopanga gule anamanga mapazi, nasiya khomo pakamwa. Akale anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo a kalela anaumva mwambiwo.

Tsono tifike pa gule wamkulu, amene anthu ambiri amuyesa wopanda lamulo cifukwa aona pfumbi lokha. Za kudambwe sindizichula, pakuti si za m'buku. Ndinena zokha zimene ali yense aziona pabwalo. Cirombo ciri conse ciri ndi nyimbo yace, mayendedwe ace ndi kaliridwe kace ka ng'oma. Kapoli sabvina monga Cadzunda, amene atsimphina ngati nkhalamba, ndipo Makanja, pokhala wamtali cotero, sangathe kupalasa pansi monga anzace. Njobvu ndi Kasiyamaliro atuluka pa nthawi zao zolemera, osati pa tsiku liri lonse. Amai oomba m'manja adziwa mau oyenera kubvomera. Ng'oma zothandiza, monga mpanje, zigwira njira imodzi osaisiya. Zonsezi ndi lamulo, ndipo nlolimba koposa la mganda, cifukwa lamangika pa maliro, pa cinamwali ndi pa ufumu.

Koma pakati pa lamulo limeneli pali malo amodzi omasuka, ndiwo a pakati pa cirombo ndi woimba mbalule. Mbalule ndiyo ng'oma yolankhula. Woiimba sayang'ana khamu, ayang'ana mapazi a cirombo. Cirombo cikapalasa iye ayankha, cikaima mwadzidzidzi iye adula, ndipo nthawi zina ndiye aciputa kuti cionetse cimene ciri naco. Awiriwa sanapangane ciwerengero ca mapazi, koma akomana pa kugunda kumodzi, ndipo pomwepo ndi pamene amai aimba nthungululu. Cirombo comweco cikabvina kawiri pa tsiku limodzi, sicibwereza zomwezo. Komanso gule ameneyu sanakane zatsopano. Simoni wa nkhope yofiira, Maliya ndi Galimoto anabadwa Azungu ndi amishoni atafika, ndipo ali yense wa iwo analandira nyimbo yace ndi mayendedwe ace monga zirombo zakale.

Tapeza tsono makomo atatu. A mganda amasuka pokonzekera, a kalela amasuka pa nyimbo, a gule wamkulu amasuka pabwalo peni peni. Bvuto limene ndiliona masiku ano ndi lakuti okonza magule a m'tauni asokoneza makomowa.

Cilandirire dziko lino ufulu mu 1964, magule athu akhala akubvinidwa pa malo amene makolo sanawadziwe: pa nsanja, pa mipikisano ya masukulu, pa cionetsero ca zaulimi, ndi pa bwalo la ndege polandira alendo. Sindinyoza zimenezi. Ana ambiri obadwira ku Lusaka ndi ku Kitwe aona magule a kwao cifukwa ca magulu otere, ndipo wokonza gule wa pa nsanja ali ndi zobvuta zace. Oonera akhala mbali imodzi m'malo mozungulira, nthawi njocepa, ndipo magulu ena ali kudikira. Ayenera kudula ndi kulongosola, ndipo pamenepo sindimtsutsa.

Ndimtsutsa pamene atenga muyeso wa mganda nauika pa magule onse. Ndaona obvina zofanizira gule wamkulu ataimikidwa m'mzere, anai kapena asanu, onse akuponya mwendo umodzi pa nthawi imodzi. Maso akondwa pang'ono, koma woimba mbalule alibenso nchito, cifukwa palibe phazi loti aliyankhe; angobwereza zimene analoweza. Kwina ng'oma azicotseratu naika nyimbo za m'makina. Makina sangaone kuti wobvina waima, ndiponso sangamute. Pamenepo catsala ndi zobvala zokha.

Colakwa cina ndi ca mbali yinayo, ndipo cipezeka kawiri kawiri mwa anyamata amphamvu. Iwo amva kuti gule ndi ufulu, tsono alowa pabwalo ndi kudumpha ndi kugubuduzika, osadziwa nyimbo, osamva mpanje. Ayesa kuti ali kupeka, koma angotaya thukuta. Munthu sapatuka pa njira imene sanaiyende. Wobvina amene tim'tama cifukwa ca zodabwitsa zace ndiye amene anakhala zaka zambiri akumva ng'oma zothandiza kufikira zinalowa m'mafupa, kotero kuti angathe kuzisiya kanthawi ndi kubwerera pa kugunda koyenera.

Nkhaniyi yakula cifukwa gule wamkulu tsopano adziwika kutali. Mu 2005 bungwe la UNESCO linamuwerengera pakati pa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, m'dzina la Zambia, Malawi ndi Mozambique. Caka ndi caka, m'mwezi wa August, magule a maiko atatuwa asonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Cinthu cikachedwa cuma, anthu afuna kucisunga m'bokosi kuti cisasinthe. Koma gule amene tingamlembe phazi ndi phazi ndi kumbwereza cimodzimodzi caka ciri conse si amene makolo anatisiyira. Iwo anatisiyira lamulo pamodzi ndi khomo lace.

Cifukwa cace ndipempha aphunzitsi a masukulu ndi atsogoleri a magulu a m'tauni zinthu zinai. Coyamba, musanakonze gule funsani eni ace kuti mbali yosasinthika ndi iti, ndipo yomasuka ndi iti. Caciwiri, ana ayambe ndi kuomba m'manja, kubvomera nyimbo ndi ng'oma zothandiza, asanaphunzire mapazi. Cacitatu, pa gule wa munthu mmodzi musamange nthawi yonse. Siyani mpata woti wobvina ndi woimba ng'oma ayankhane okha, ngakhale mpatawo ufupike. Cacinai, pa mganda musaope kulimbitsa mzere, koma lolani anyamata adze ndi masitepe ao pokonzekera, osangobwereza a caka catha.

Ndipo inu oonera, gule akayamba musayang'ane zobvala zokha. Pa mganda penyani mzere. Pa kalela cherani khutu ku mau. Pa gule wamkulu penyani manja a woimba mbalule ndi mapazi a cirombo, muone ngati ali kumvana. Mukatero mudzatha kuweruza nokha ngati wokonza guleyo anadziwa nchito yace.