Mwana akamaliza buku la kalasi, timupatse chiyani?

Aphunzitsi anzanga, pa msonkhano wa ZIP yathu mwezi wathawu mphunzitsi wina wa kalasi yachisanu ndi chimodzi anafunsa funso limene tonse tinasowa poyankha. M'kalasi mwake muli mtsikana wa zaka 14 amene amawerenga Chinyanja mosadodoma, moti buku la kalasi analimaliza chaka chisanafike pakati. Tsopano amabwera kudzapempha lina, ndipo mphunzitsiyo alibe chomupatsa kupatula buku la nyimbo za kutchalitchi.

Vutoli silinayambe lero. Kuchokera pa PEBIMO, ntchito yoyesera imene inachitika ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, kudzafika mu 2003 pamene maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma, mphamvu zathu zambiri zathera pa makalasi oyambirira. Tinkafuna kuti mwana adziwe kuwerenga m'chilankhulo chimene amalankhula kwawo, ndipo ana ambiri akudziwadi. Koma m'makalasi apamwamba Chipwitikizi chimatenga malo, Chinyanja n'kutsala ngati phunziro limodzi chabe. Mwana uja tinamuphunzitsa kuwerenga timamusiya manja ali m'khosi, ndipo khasu losalimira silichedwa kuchita dzimbiri.

Maganizo anga ndi akuti achinyamata tiziwapatsa mabuku awiriawiri, lina la Chinyanja, lina la Chipwitikizi, okamba nkhani zoyandikana. Mwana akayamba wakangana ndi anzake za nkhaniyo m'Chinyanja, amafika pa buku la Chipwitikizi ali kale ndi zonena. Nazi mbali ziwiri zimene ndaziyesa, pamodzi ndi zofooka zake.

Poyambira pabwino ndi Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John W. Gwengwe wa ku Malawi. Maziko ake ndi nthano imene agogo ambiri kuno amaidziwa: abale awiri, wina wakhama wina wansanje, kuphana panjira chifukwa cha chuma, ndi mbalame yoimba imene ikana kuti mlanduwo ubisike. Ubwino wa bukuli ndi chilankhulo. Ziganizo zake zimamveka ngati munthu akusimba pabwalo, choncho n'losavuta kuwerenga mokweza. Chofooka chake n'chakuti wabwino ndi wabwino kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, woipanso chimodzimodzi. Mwana wa zaka 15 amadziwa kuti anthu sali choncho. Musabise chofookachi. Afunseni ophunzira kuti: kodi nsanje ya Gwenembe inayamba pati, nanga akuluakulu a m'mudzi akanaiona msanga akanachita chiyani?

Mnzake wa bukuli akhale nkhani ya Luís Bernardo Honwana yotchedwa Nós Matámos o Cão-Tinhoso, imene inatuluka mu 1964, chaka chimene nkhondo yomenyera ufulu inayamba. Wosimba ndi mnyamata wa sukulu, Ginho. Mkulu wina woona za ziweto atuma gulu la anyamata kuti likaphe galu wazilonda amene aliyense amanyansidwa naye, kupatula mtsikana mmodzi, Isaura. Ginho safuna kuti galuyo afe, koma amaopa kuti anzake amutcha wamantha, ndiye amapita nawo. Apa palibe mbalame yodzaulula, palibenso mfumu yodzaweruza. Mlandu umatsala mumtima mwa mnyamatayo. N'chifukwa chake ndimati Honwana analemba mozama kuposa Gwengwe, ngakhale Chipwitikizi chake si chovuta. Ophunzira amene aweruza Gwenembe mosavuta amagawikana akafika pa Ginho, chifukwa ambiri a iwo anachitapo chinthu choipa poopa kusekedwa. Ngati nkhaniyi yakutalikirani, m'buku lomwelo muli ina yaifupi kwambiri, As mãos dos pretos. Mwana amafunsa anthu osiyanasiyana chifukwa chimene zikhatho za anthu akuda zili zoyererako, ndipo yankho lililonse limaonetsa mtima wa woyankhayo, mpaka amayi ake atapereka lawo. Imatheka kuiwerenga ndi kuikambirana m'phunziro limodzi.

Mbali yachiwiri ndi ya okulirapo. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa: mwana wosamva, wakuba, amene amachoka kwawo kukafuna ntchito kutali, kenako n'kubwerera ndi kudzakhala mfumu ya mudzi. Achinyamata athu a ku Angónia ndi Tsangano, amene abale awo ali ku Tete, ku Beira kapena ku Joni, ulendo umenewu sausowa. Masamba okamba za kubadwa kwa mwana, milandu ndi maliro ndi chuma chenicheni, chifukwa ana angathe kupita kunyumba kukafunsa agogo ngati kwathu kuno zinkachitikanso motero. Koma tidziwe kuti Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo buku lake limathera pa kutembenuka mtima kwa Nthondo. Mathero amenewa amaoneka kuti anakonzedweratu, ndipo miyambo ina imaweruzidwa ndi diso la mishoni. M'kalasi mmene muli ana a mipingo yosiyana ndi ena a mabanja a gule, mphunzitsi asauze ana kuti bukuli lanena zoona zokhazokha. Awafunse kuti wolembayo anaima pati polemba.

Pambali pa Nthondo ndimaikapo Terra Sonâmbula la Mia Couto, la mu 1992. Mnyamata Muidinga ndi nkhalamba Tuahir akuthawa nkhondo, abisala m'basi yopsa m'mbali mwa msewu, ndipo apeza makope a munthu wina wakufa, Kindzu. Usiku uliwonse mnyamatayo amawerengera nkhalambayo. Chithunzi cha mwana akuwerengera mkulu wake chimatikhudza ife aphunzitsi a zilankhulo ziwiri kuposa ena onse. Komabe bukuli musalipereke kwa mwana wa pulayimale kuti akawerenge yekha. Couto amapanga mawu akeake posakaniza mawu a Chipwitikizi, ndipo mwana amene akulimbana ndi Chipwitikizi wamba adzangogwa mphwayi. Liwerengeni inu eni, musankhe tsamba limodzi kapena awiri, muwafotokozere m'Chinyanja. Muchenjerenso: m'midzi yathu muli makolo amene nkhondoyo anaiona ndi maso, ndipo ena safuna kuikumbutsidwa ndi mwana wobwera ndi mafunso a kusukulu.

Wina anena kuti mabuku a Chinyanja onsewa ndi a ku Malawi, ndipo kalembedwe kake n'kosiyana ndi ka m'mabuku athu a kalasi. N'zoona. Mabuku athu amalemba Cinyanja ndi cakudya, pamene a ku Malawi a masiku ano amalemba Chinyanja ndi chakudya, monga ndikulembera ine pano, popeza ndinaphunzira kuwerenga ku Dedza tili kothawa nkhondo. Kusiyana kumeneku sikutenga phunziro lathunthu kuti ana akumvetse. Lembani mawu khumi pabolodi m'njira zonse ziwiri, ana apeze okha lamulo lake. Chimene tiyenera kuchita nacho manyazi n'chakuti mabuku a nkhani olembedwa ndi Anyanja a kuno ku Mozambique sitikuwaona m'manja mwa ana athu. Podikira kuti alembedwe, kubwereka moto kwa mnansi si mlandu.

Kwa ife aphunzitsi, pali mabuku atatu oyenera kupezeka pa ZIP iliyonse. Loyamba ndi lipoti la msonkhano wachitatu wa kalembedwe ka zilankhulo za Mozambique, lokonzedwa ndi Armindo Ngunga ndi Osvaldo Faquir. Si buku lowerenga pocheza, koma limathetsa mikangano ya kalembedwe imene imatidyera nthawi. Lachiwiri ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ku Zomba, umene umamasulira mawu a Chinyanja m'Chinyanja momwemo. Mawu ena a kuno, makamaka obwereka ku Chipwitikizi, simuwapezamo, choncho sungani kope lolembamo mawu anuanu. Lachitatu ndi Rethinking Bilingual Education in Postcolonial Contexts la Feliciano Chimbutane, la mu 2011. Iye anakhala m'makalasi a sukulu za ku Gaza, ndipo anaona kuti pa phunziro la chilankhulo cha kwawo ana amafunsa, amatsutsa ndi kufotokoza, koma pa Chipwitikizi amangoyankha pamodzi mawu amene mphunzitsi wawayambira. Tonse timazidziwa zimenezi, ngakhale sitikonda kuzivomera. Vuto la bukuli n'lakuti lili m'Chingerezi cha anthu ofufuza. Ngati pa ZIP panu pali wodziwa Chingerezi, awerenge mutu umodzi adzafotokozere anzake.

Za kapezedwe ka mabuku, musadikire kuti mwana aliyense akhale ndi lake. Buku limodzi limakwanira kalasi yonse ngati mupatula mphindi 15 kawiri pa sabata, inu kuwerenga ndime yoyamba, ana n'kumalandirana. Funsani kwa aphunzitsi opuma, ku maparishi ndi kwa anzathu amene anaphunzira ku Malawi, chifukwa mabuku ena angogona m'masutikesi. Mtsikana uja wa kalasi yachisanu ndi chimodzi tinamupezera Sikusinja ndi Gwenembe wopanda chikuto kwa mkulu wina wa mpingo. Analimaliza m'masiku anayi, ndipo pobweza anadandaula kuti wolembayo sanamupatse Gwenembe mpata wodzifotokozera. Mphunzitsi wake wamupatsa kope kuti alembe yekha mbali imeneyo.

Amene muyese mabukuwa m'makalasi anu, tilembereni kuti ana anakonda chiyani, anatopa pati, ndiponso anafunsa mafunso otani.