EIM ndi njira yosapweteka, koma kodi imapeza matenda?

Munthu amene anayezedwapo EMG saiwala. Dokotala amabaya singano m'mnofu, n'kumaisuntha akumvetsera phokoso la magetsi a m'thupi, kenako n'kukabayanso pena. Singano ya mtundu umenewu anaifotokoza Edgar Adrian ndi Detlev Bronk mu 1929. Poyeza liwiro la mauthenga m'mitsempha, wodwala amagwidwanso shoko kangapo. Wamkulu amapirira, koma mwana wa zaka 5 sangabwere mwezi ndi mwezi kudzabayidwa chotere.

N'chifukwa chake njira ya electrical impedance myography, mwachidule EIM, yatamandidwa kwambiri. Anaiyambitsa ndi Seward Rutkove, dokotala wa mitsempha pachipatala cha Beth Israel Deaconess ku Boston, mogwirizana ndi Ronald Aaron ndi Carl Shiffman a ku yunivesite ya Northeastern. Pakhungu amaikapo tizitsulo tinayi. Tiwiri ta m'mbali timadutsitsa magetsi ochepa kwambiri amene munthu sawamva, kawirikawiri pa 50 kHz, ndipo tiwiri ta pakati timayeza mmene mnofu ukuwatsekereza. Mnofu ukafota, kapena mafuta ndi zipsera zikalowa m'malo mwake, nambala yotchedwa phase angle imatsika. Mu 2011 bungwe la Prize4Life linapatsa Rutkove mphoto ya madola 1 miliyoni chifukwa cha ntchitoyi pa matenda a ALS.

Vuto langa lili pa mawu akuti "kupeza matenda" amene amakonda kumatidwa pa njirayi. Mphotoyo inali ya chida chotsatira mmene ALS ikukulira mwa munthu amene madokotala anamupeza kale nayo, kuti mankhwala atsopano aziyesedwa mwachangu komanso pa odwala ochepa. Pamenepo EIM ili ndi umboni wabwino, ndipo yayesedwanso pa ana a Duchenne ndi spinal muscular atrophy. Koma kutsatira matenda odziwika n'kosiyana ndi kunena chomwe chafooketsa mwendo wa munthu amene wangolowa m'chipinda. Mnofu ungafote chifukwa mtsempha wake wafa, chifukwa mnofuwo ndiwo ukudwala, kapena chifukwa munthu wagona pabedi miyezi iwiri, ndipo nambala ikhoza kutsika konseko. Singano, ngakhale imapweteka, imamva kunjenjemera kwa timinofu tomwe tasiyidwa ndi mtsempha, ndipo n'kumene kumathandiza kusiyanitsa.

Kafukufuku wambiri woyambirira ankayerekeza odwala odziwika kale ndi anthu athanzi. Pamayeso otere chida chilichonse chimaoneka chanzeru kuposa mmene chingachitire pamzere wa OPD, pomwe aliyense akudandaula kufooka. Mafuta a pansi pa khungu amasintha nambala, kutupa kwa miyendo nakonso, ngakhale kusuntha tizitsulo pang'ono. Ganizirani mayi wotupa mapazi chifukwa cha mtima, kapena mwana wa kwashiorkor. Dziwaninso kuti malipoti ambiri anachokera ku gulu limodzi la ofufuza, ndipo Rutkove amaulula yekha kuti ali ndi gawo mu kampani ya Myolex yopanga zidazi. Si mlandu ayi, koma n'chifukwa chokwanira chodikira zotsatira za ofufuza ena.

Nanga kuzipatala zathu? ALS sitiiona kawirikawiri. Amene amabwera tsiku ndi tsiku ndi odandaula dzanzi ndi kutentha kwa mapazi: a shuga, a HIV, omwa isoniazid popanda pyridoxine, a khate, ndi ena amene anavulazidwa ndi stavudine asanachotsedwe pa ma ARV oyambira. Mwa ambiri a iwo, mitsempha yomvera khungu ndiyo imayamba kuwonongeka, minofu imafota mochedwa. EIM imayeza mnofu. Pofika nthawi yoti nambala itsike, wa shuga uja akhoza kukhala ataponda kale msomali osamva. Kaulusi ka monofilament ka 10 g ndi tuning fork ya 128 Hz sizipweteka, sizifuna magetsi, ndipo mlangizi wa zaumoyo akhoza kuphunzira kugwiritsa ntchito kaulusiko tsiku limodzi. Mwana wosakwana zaka 15 akalobodoka miyendo mwadzidzidzi, chofunika ndi kupereka lipoti ndi kutumiza chimbudzi kawiri pasanathe masiku 14, monga zinatikumbutsira polio ya ku Lilongwe mu 2022.

Kafukufuku amene angandisinthe maganizo ndi wotenga odwala onse otumizidwa chifukwa cha kufooka kosadziwika, motsatana, onenepa ndi otupa omwe, n'kuwayeza EIM ndi EMG, woyeza aliyense osadziwa zomwe mnzake wapeza. Atiuze kuti pa odwala 100 EIM yaphonya angati, ndipo angati akanabayidwabe singano pambuyo pake.