Ulemu wa Linda Loman

Sabata yatha tinakangana mpaka usiku za Death of a Salesman, seŵero limene Arthur Miller analemba mu 1949. Anzanga ambiri akuti nkhani yake ndi ya Amereka ndi dyera la ndalama, limene limayamwa munthu ngati mzimbe nkutaya zotsala. Sindikukana. Koma ine nditaliŵerenganso, maso anga anakakamira pa Linda, mkazi wa Willy Loman.

Miller sanabise kanthu. M'chigawo choyamba Linda akuuza ana ake, Biff ndi Happy, kuti a inshulansi apeza kuti ngozi za galimoto za bambo aŵo sizinali ngozi ai. Akuululanso kuti m'chipinda chapansi anapeza kanthu kamene Willy anabisa kuti adziphere. Tsono tamvani zimene amachita mai ameneyu: tsiku lililonse amakachotsa, koma mwamuna akayandikira kubwera amakabwezera pamalo pake, kuopa kumchititsa manyazi. Ulemu umenewu tikuudziŵa bwino kwathu kuno, kumene bambo wa pakhomo safunsidwa za mumtima.

Charley nayenso, mnansi wabwino uja amene amampatsa madola 50 pa sabata, anamva ndi makutu ake Willy atachotsedwa ntchito akunena kuti akanakhala wa phindu atafa kusiyana ndi kukhala moyo. Anangomdzudzula pang'ono, namleka apite yekha. Biff anachotsadi kanthu kaja, koma anadzakatulutsa pakati pa mkangano, ngati umboni pa bwalo la milandu. Ndipo Biff atalira pa chifuwa cha bambo ake, Willy anasangalala mwadzidzidzi, enawo napita kukagona. Madokotala amachenjeza za bata lotereli, pakuti nthaŵi zina limadza munthu atatsimikiza kale. Amanenanso kuti kumfunsa munthu mosapsatira ngati akuganiza zodzipha sikumpatsa maganizowo, kumamtsegulira pakamwa. M'seŵero lonseli palibe amene anakhala naye pansi nkumfunsa modekha, palibenso anatchula za dokotala.

Pamene ndikusiyana ndi Miller ndi kumanda. Charley akuyankhula mokoma kuti wina asamdzudzule Willy, popeza wogulitsa malonda amakhalira maloto. Mau ake ndi okongola, mwina okongola mopitirira, chifukwa amatichititsa kuona imfayi ngati mvula imene inayenera kugwa basi. Linda akuti sakumvetsa chifukwa chake, chonsecho ndi iye amene ankatsika m'chipinda chija tsiku ndi tsiku. Sindikumuweruza ai, ankamkonda mwamunayo, ndipo katundu yenseyo anamsenza yekha kwa nthaŵi yaitali.

Tikadzaliseŵera pano, ndikupempha amene adzakhale Linda kuti asafulumire pa mau a kanthu kaja. Aime kaye, ayang'ane oonerera, pakuti pakati pao padzakhala ena amene ali ndi mnzao wa m'chipinda amene wasiya kudya, wayamba kugaŵa mabuku ake, ndipo akumuopa kumfunsa.